Pamene Madzi Alowera M'boti

Munthu wotsika basi pa Dwambazi, pamsewu wa M5 umene utsata nyanja kuchokera ku Salima, kupyola Nkhotakota ndi minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, kunka ku Nkhata Bay, akalondola kanjira kotsikira kugombe nthawi ya m'mawa, pamene asodzi a usipa akocheza kale ndipo amayi ayamba kuyala nsomba pathandala, sadzalephera kuona boti lina litavundikiridwa pamchenga, mwini wake atagwada pambali ndi kampeni, nsanza ndi chitini cha phula losungunula. Iye sayang'ana pakati pa thabwa ayi, pakuti adziwa kuti madzi saboola thabwa lamoyo. Diso lake lili pamsoko, pamene thabwa likumana ndi linzake, ndi pamisomali pamene dzimbiri ladya. Ndinafunsa tsiku lina mkulu wina wa ntchitoyi kuti kodi boti lakelo adzatha liti kulimata, ndipo iye, osatukula n'komwe mutu, anandiyankha kuti adzaleka tsiku limene adzaliwaze nkhuni.

Mawu a mkuluyo andibwerera m'mtima nthawi zonse pamene ndilingalira za chinthu chimene poyamba chioneka ngati chilibe chibale ndi nyanja, ndicho chitetezo cha mapulogalamu a kompyuta ndi mapangidwe ake. Wina adzati nkhani yotere ndi ya anthu a m'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma taonani, ndalama za usipa wa pa Dwambazi siziyendanso m'kansalu komanga m'chiuno monga zinkayendera masiku a amayi athu, popeza chiyambire Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, wogula wa ku Kasungu kapena ku Mzuzu atumiza mtengo wa nsomba pafoni asanaione nsombayo. Chiphaso cha unzika chimene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa mu 2017, malipiro a mphunzitsi, mankhwala a pachipatala, ndi pasipoti ya mnyamata amene mtima wake uli ku Joni monga unalili wa agogo ake, zonsezi zakwera m'boti limodzi losaoneka ndi maso, lokhomedwa ndi amisiri amene sitinawaonepo nkhope. Tsono ife okweramo tili ndi chifukwa chofunsira kuti madzi alowera pati, ndi kuti anthu amene atha zaka zoposa 50 akufufuza nkhaniyi apeza zotani.

Pulogalamu ndiyo ndandanda ya malangizo amene munthu alembera makina, mzere ndi mzere, ndipo makinawo ali ngati wantchito womvera mopitirira muyeso, amene achita chimene wauzidwa, osati chimene mbuye wake anafuna kunena. Ukamtuma mwana kuti athire madzi mumtsuko, mtsuko ukadzaza mwanayo aleka yekha; koma kompyuta, ngati wolemba anaiwala kuiuza kuti iyambe yayesa kukula kwa mtsuko, idzathirabe kufikira madzi asefukira m'dengu la ufa lili pambali. Cholakwa chimenechi, chothira zambiri m'malo ochepa a m'chikumbukiro cha makina, ndicho chakale ndi chouma khosi koposa zinzake. Pakuti mbala yochenjera itumiza dala mawu aatali kuposa malo amene anawakonzera, ndipo zosefukirazo, zikagwera pamene makina asungira malangizo ake, zisanduka malangizo a mbalayo. Ndi njira imeneyo, pamodzi ndi kulota mapasiwedi ofooka, pulogalamu ya Robert Morris, wophunzira wa pa Cornell, inafalikira pa 2 Novembala 1988 ndi kufooketsa makompyuta ngati 6,000 pa intaneti imene inali idakali khanda. Ndipo mwezi womwewo anakhazikitsa pa yunivesite ya Carnegie Mellon gulu loyamba lothamangira ngozi zotere, lotchedwa CERT, limene mdzukulu wake ali pansi pa MACRA kwathu kuno. Patapita zaka 31, mu 2019, akatswiri a Microsoft anawerenga ziboo zimene atseka chaka ndi chaka m'mapulogalamu awo, napeza kuti pafupifupi 70 pa 100 zilizonse zinali za banja lomwelo la kusasamala chikumbukiro.

Eni ntchito anazindikira kale kuti luso lawo lili ndi nthenda. Mu 1968 anasonkhana ku Garmisch, m'dziko la Germany, kudandaula kuti mapulogalamu akuluakulu achedwa kutha, adya ndalama zopyola muyeso, ndipo akatha apezeka odzala ndi zolakwa. Nagwirizana kuti ntchitoyi iyenera kukhala ndi mwambo wake monga ya omanga milatho. Edsger Dijkstra wa ku Netherlands anawachenjeza m'zaka zomwezo kuti kuyesa pulogalamu kungathe kuonetsa kuti cholakwa chilipo, koma sikungathe konse kutsimikiza kuti palibe. Ndipo msodzi aliyense adzavomereza, pakuti boti limene silinalowe madzi padoko tsiku la bata silinalonjeze kanthu za tsiku la mwera. Koma apa fanizo langa litsimphina, ndipo ndiyenera kuvomereza: mwera ulibe nzeru, suyendayenda kufunafuna msoko wofooka, pamene mbala ya pa kompyuta ichezera usiku wonse ikupapasa thabwa lililonse, ndipo ikapeza kaboo kamodzi m'pulogalamu imene anthu mamiliyoni aigwiritsa ntchito, yapeza kaboo komweko m'maboti onse nthawi imodzi.

Mwa njira zimene ofufuza apeza zogwirira ziboo mbala isanazione, yoyamba ndi yakale ngati mudzi. Michael Fagan wa kampani ya IBM anaonetsa mu 1976 kuti anthu angapo akakhala pansi kuwerenga mwadongosolo zimene mnzawo walemba, wina akulongosola mokweza, ena akutsata ndi kufunsa, agwira zolakwa zochuluka pulogalamu isanayatsidwe n'komwe. Chifukwa chake m'magulu osamala masiku ano mzere uliwonse watsopano uyamba waonedwa ndi munthu wachiwiri usanalowe m'pulogalamu, angakhale wolembayo akhale mphangala ya ntchito. Paja Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Njira ina inabadwa ndi mvula yamabingu, ndipo ndiikonda chifukwa cha mabadwidwe akewo. Usiku wina mu 1988 Barton Miller, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Wisconsin, anali kugwira ntchito kunyumba kwake pa kompyuta yakutali kudzera pa waya wa lamya, ndipo mvula inaika phokoso m'wayamo, kotero kuti zilembo zopanda tanthauzo zinasakanikira ndi zimene iye anali kulemba. Chimene chinamdabwitsa si phokosolo, koma kuona mapulogalamu odalirika, otumikira anthu zaka zambiri, akugwa chifukwa cha tizinyalala tochepa chotere. Anapatsa ophunzira ake ntchito yopanga pulogalamu yongosanzira zilembo zosokonekera m'kamwa mwa mapulogalamu ena, ndipo posindikiza zimene anapeza mu 1990 anaonetsa kuti mwa mapulogalamu a UNIX amene anawayesa, limodzi mwa anayi alionse, penanso limodzi mwa atatu, linagwa kapena kuuma. Lero njirayi, imene eni ake aitcha fuzzing, yakula kwambiri, ndipo chiyambire 2016 makompyuta a Google aponyera zinyalala zotere usana ndi usiku m'mapulogalamu aulere mazanamazana, monga munthu wokankhira dala boti lake m'mafunde a pafupi ndi gombe kuti aone pamene panyowa.

Alipo ena amene sanakhutire ndi kuyesa, nafuna umboni wa masamu. Mu 2009 ofufuza a ku Australia anatsiriza kutsimikiza ndi masamu kuti phata la pulogalamu yotchedwa seL4 lichita zokhazo zimene analilembera. Koma kuti atsimikize mizere ngati 8,700 analemba mizere ya umboni ngati 200,000, ntchito imene ikanamtengera munthu mmodzi zaka pafupifupi 20. N'chinthu chaulemerero, choyenera ndege ndi zida zimene moyo wa munthu upachikika pa izo, koma palibe adzachichitire kapulogalamu ka pasitolo. Chimene chifika msanga kwa mmisiri wamba ndi zilankhulo zatsopano zolembera mapulogalamu, monga Rust, zimene sizilola kuthira madzi mumtsuko wosayesedwa.

Komatu zonse ndanenazi ndi za misoko, ndipo ine ndiona kuti chilonda chachikulu cha dziko lathu sichinalowere pamsoko. Pa 13 Seputembala 2013 Paul Mphwiyo, mkulu woyang'anira bajeti ya boma, anawomberedwa pachipata cha nyumba yake ku Lilongwe, ndipo m'masabata otsatira dziko lonse linamva za ndalama zopezeka m'magalimoto ndi m'nyumba za antchito a boma a malipiro ochepa. Ndiyo nkhani ya Cashgate. Boma linali kulipira ndalama zake kudzera m'pulogalamu yotchedwa IFMIS, imene linaikhazikitsa mu 2005 ndi chiyembekezo chakuti makina adzaletsa zimene mabuku a mapepala analephera kuletsa. Owerengera chuma a Baker Tilly, amene ntchito yawo inalipiridwa ndi boma la Britain, anatulutsa lipoti mu Febuluwale 2014 loonetsa kuti m'miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo kufikira Seputembala 2013, ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka mosalongosoka. Machitidwe ake sanali a nzeru zakuya. Munthu ankalowa m'pulogalamu, n'kulemba kuti kampani yakutiyakuti iyenera kulipidwa, ngakhale sinapereke katundu kapena kugwira ntchito. Cheke chinkasindikizidwa, ndalama n'kutuluka kubanki. Atatero ankabwereranso m'pulogalamu muja n'kufufuta zimene analemba, monga wakuba mbuzi amene asesa mapazi ake ndi nthambi potuluka m'khola. Mayiko otithandiza anaimitsa thandizo la ku bajeti la madola ngati 150 miliyoni, ndipo nkhuyu zimene anadya a ku Capital Hill zinapota odwala a m'zipatala za kumudzi, kumene mankhwala ndi mafuta a ambulansi anachepa.

Panalibe mbala ya kutsidya la nyanja imene inathyola khoma. Olowawo anali ndi makiyi, ndipo khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chowawa n'chakuti mankhwala a nthenda imeneyi analembedwa zaka 38 nthendayo isanatigwire. Mu 1975 Jerome Saltzer ndi Michael Schroeder a ku MIT anaika pamodzi mfundo zingapo za kamangidwe ka mapulogalamu otetezeka, zimene ophunzira aziwerengabe kufikira lero: kuti munthu aliyense apatsidwe mphamvu zokwanira ntchito yake yokha, osapitirira, kuti chinthu chachikulu chisatseguke ndi kiyi mmodzi, koma ndi awiri osungidwa ndi anthu osiyana, kuti khomo likhale lotseka mpaka wina aloledwe, osati lotseguka mpaka wina aletsedwe, kuti pulogalamu ikhale yaing'ono ndi yosavuta kuiunika, ndi kuti chitetezo chisadalire kubisa mapangidwe. Amayi a banki m'khonde pano pa Dwambazi, amene sanamvepo dzina la Saltzer, achita zomwezo: bokosi la ndalama lili ndi maloko atatu, makiyi asungidwa ndi anthu atatu, bokosilo ligona kwa wachinayi amene alibe kiyi, ndipo litsegulidwa pamaso pa gulu lonse. Mayi wolemba m'kaundula wa gulu sangathothole tsamba osafunsidwa. Kuti pulogalamu yosunga chuma cha dziko inalola munthu kufufuta malipiro cheke chitatuluka kale, ndicho chinthu chimene amayi amenewa sakadachilola ngakhale sabata imodzi. Boma linayamba kusamukira ku IFMIS yatsopano mu 2020, koma pulogalamu yatsopano siisintha yokha mwambo wobwerekana mapasiwedi muofesi.

Ross Anderson wa ku Cambridge, amene anamwalira mu 2024, anaona zofanana mu 1993 pofufuza za kubedwa kwa ndalama m'makina otapira ndalama a mabanki a ku Britain. Akatswiri anali kutha mphamvu zawo kulimbitsa masamu obisira uthenga, koma iye anapeza kuti pafupifupi kuba konse sikunadzere m'masamumo. Kunadzera m'zolakwa za opanga, m'ulesi wa oyang'anira, ndi mwa antchito a m'kati. Anaonanso china chimene ndichiyesa chakuya koposa: kumene lamulo lisenzetsa banki mtolo wa ndalama zobedwa, banki isamala makina ake, kumene mtolowo ugwera kasitomala, banki iumirira kuti makina ake salakwa.

Tsono tibwerere kwa mmisiri wa boti, amene sacheka yekha matabwa, sasula yekha misomali, koma agula kwa ena. Wopanga mapulogalamu nayenso salemba zonse yekha; gawo lalikulu la pulogalamu iliyonse ya masiku ano ndi zidutswa zobwereka, zolembedwa ndi anthu odzipereka amene azigawa kwaulere. Ubwino wake ngwaukulu, makamaka kwa dziko losauka ngati lathu, koma walira mvula walira matope. Pa 31 Disembala 2011 kachidutswa kena kanalowa m'pulogalamu ya OpenSSL, imene iteteza uthenga wachinsinsi pa intaneti, ndipo wolembayo anaiwala kuyesa mtsuko. Munthu wachiwiri anakawerenga, koma nayenso sanaone. Kwa zaka ziwiri, kufikira pamene chibooko chinaululika mu Epulo 2014 ndi kupatsidwa dzina la Heartbleed, aliyense wodziwa akanatha kutumiza liwu lalifupi kwa seva, n'kunama kuti ndi lalitali, ndipo sevayo pobweza liwulo inali kuwonjezerapo zimene zinali pafupi m'chikumbukiro chake, ngakhale mapasiwedi a anthu ena. Pamenepo dziko linadzidzimuka kumva kuti pulogalamu imene mabanki ndi makampani olemera anatsamirapo inali kusamalidwa ndi anthu owerengeka, olandira zopereka za madola ngati 2,000 pachaka.

Choopsa koposa chinaoneka mu Malichi 2024. Munthu wina wodzitcha Jia Tan anatha zaka zoposa ziwiri akuthandiza mwaulemu ndi mwakhama pa kapulogalamu kotchedwa xz, kamene munthu mmodzi wotopa anali kukasamala yekha, kufikira anamkhulupirira ndi kumpatsa makiyi. Ndipo atawalandira anabisamo kakhomo kolowera m'makompyuta a eni ake. Chinamgwiritsa n'chaching'ono: Andres Freund, katswiri wina amene anali pa ntchito yake ina, anaona kuti kulowa m'kompyuta yake kwayamba kuchedwa ndi theka la sekondi, ndipo m'malo mongodandaula anatsata kuchedwako mpaka anapeza phata lake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ken Thompson, mmodzi wa opanga UNIX, anali atanena kale mu 1984 kuti chinyengo chingabisidwe ngakhale m'chida chimene mmisiri apangira mapulogalamu, mwakuti wowerenga mizere yonse sangachione. Ndi kuti pamapeto pake chimene tikhulupirira si pulogalamu, koma anthu amene anaipanga.

Chiboo chikapezeka, eni pulogalamu atumiza chigamba, koma chigamba sichidzimata chokha. Microsoft inatulutsa chigamba china mu Malichi 2017. Mu Meyi, kachilombo ka WannaCry kanalowa m'makompyuta amene anali asanamatidwe, ndipo zipatala za boma ku England zinabweza odwala ngati 19,000 amene anali ndi tsiku loonana ndi dokotala. Ngati zotere zichitika ku England, nanga kwathu kuno, kumene makompyuta ambiri afika ndi pulojekiti, nalandiridwa ndi zovina ndi zolankhula, ndipo pulojekiti ikatha patapita zaka zitatu palibe mzere m'bajeti wolipira munthu wosungunula phula?

Nkhani ya mapasipoti ndiyo inatiphunzitsa mbali ina ya funso lomweli, ndiyo ya mwini makiyi. Mu 2019 boma linapangana ndi kampani ya Techno Brain kuti ikonze makina osindikizira mapasipoti pa mtengo wa madola oposa 60 miliyoni, ndipo mu Disembala 2021 linathetsa panganolo. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza kunaima, anthu nagona pamizere ku maofesi a Immigration. Ndipo mu Febuluwale Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu alowerera makinawo ndipo afuna dipo, limene boma silidzapereka. Ena anatsutsa mafotokozedwe amenewa, nati gwero la vuto linali mkangano wa umwini ndi ziphaso za pulogalamuyo, ndipo kampaniyo inakana kuti inachitapo choipa. Kusindikiza kunayambanso mu Malichi. Ine sindidzakhala nkhoswe ya mbali iliyonse. Koma mafotokozedwe onse awiri aloza pa bala limodzi. Dziko limene lili ndi zolembedwa zake zosungidwa kawiri pamalo osiyana, lili ndi mizere ya pulogalamu m'manja mwake, ndipo lili ndi ana ake amene aidziwa pulogalamuyo kunsi ndi kumwamba, silikhala masabata ambiri lili chimanjamanja, kaya wolitsekera khomo ndi mbala kaya ndi mwini ngongole. Zinthu zimenezi zilembedwa m'pangano tsiku logula, pamene wogulitsa adakali kumwetulira.

Koma nditsike ku Capital Hill ndibwerere pamsika pathu, pakuti pali chinthu chimene ndinachiona ndi maso. Pansi pa ambulera ya ejenti wina panafika gogo wachikazi, foni yake ataikulunga m'kapepala kapulasitiki kuopa chinyezi. Anaipereka kwa mnyamatayo nati, "Mwanawe, mdzukulu wanga wanditumizira kandalama, tanditapireko." Mnyamata anabaya manambala ake mofulumira, nabweza foni kuti gogo alembe nambala yachinsinsi, koma gogoyo, amene maso ake achita khungu ndipo zilembo za pafoni zili zazing'ono ngati mazira a usipa, anaikankha nati, "Ndilembere iwe, ndi chaka chimene anabadwa bambo ake." Natchula chakacho mokweza, ife tonse a pamzere tikumva. Mnyamatayo, amene anali waulemu ndithu, anati, "Agogo, nambala imeneyi musamaitchule pagulu". Ndipo gogo anayankha kuti pano palibe mlendo.

N'kwapafupi kunena kuti gogoyo ndiye wolakwa, ndipo zikwangwani zochenjeza anthu zitero. Koma Anne Adams ndi Angela Sasse a ku London anafufuza mu 1999 chifukwa chimene antchito a m'makampani alembera mapasiwedi awo papepala, napeza kuti si ulesi kapena umbuli, koma kuti opanga malamulo anawasenzetsa mtolo umene mutu wa munthu sungausenze; ndipo chiyambire pamenepo pali nthambi yonse ya kafukufuku imene iti chitetezo chimene munthu wamba sangachitsate n'cholakwika m'mapangidwe. Wopanga amene sanaganizire za gogo wosaona bwino, za msodzi wa zala zonyowa, za banja limene foni imodzi ili ya anthu asanu, ndi za netiweki imene iduka ndalama zili pakati pa njira, wasiya msoko wosamata, ndipo akathyali oimba foni kuti atumiza ndalama molakwitsa, kapena odzitcha antchito a kampani, alowera pomwepo. Mu 2015 ofufuza a yunivesite ya Florida, otsogoleredwa ndi Bradley Reaves, anaunika mozama mapulogalamu 7 otumizira ndalama pafoni a m'mayiko osauka osiyanasiyana, napeza ziboo zazikulu mu 6. Ndipo powerenga mapangano amene munthu avomereza osawerenga, anapeza kuti ambiri asenzetsa kasitomala mtolo wa ndalama zobedwa, monga momwe Anderson anaonera kwawo.

Sindifuna kuti wowerenga ayese kuti kwathu kulibe amisiri. Mu 2011 Unduna wa Zaumoyo, pamodzi ndi bungwe la JSI, unayamba kuyesa njira yotchedwa cStock, ndipo boma lathu la Nkhotakota linali mwa oyamba. Mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi awerenga mankhwala a ana amene atsala m'bokosi lake, atumiza manambalawo pa uthenga wamba wa pafoni, makina awerengera zimene zisowa ndi kudziwitsa chipatala, ndipo mankhwala akakonzeka iye alandira uthenga kuti abwere, osapalasa njinga ulendo wautali pachabe. Siifuna foni yamtengo kapena intaneti, ndipo ichita chinthu chimodzi chokha. Ndiko kuchepa kumene Saltzer ndi mnzake anayamikira, pakuti boti la matabwa ochepa lili ndi misoko yochepa. Zaka khumi m'mbuyo mwake, mu 2001, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anaika pachipatala chachikulu cha Lilongwe timakompyuta tokhudza ndi chala tolembera odwala, todya magetsi ochepa, ndipo m'kupita kwa zaka Amalawi eni ake ndiwo analemba ndi kukonza mapulogalamuwo m'zipatala zambiri. Pulogalamu ikavuta, wokonza anali pa mtunda wa minibasi, wolankhula chinenero cha namwino.

Malamulo tili nawo: lamulo la zochitika pa intaneti ndi chitetezo chake la 2016, ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024. Masukulu a ukachenjede a ku Zomba, ku Blantyre, ku Thyolo ndi ku Mzuzu atulutsa chaka ndi chaka achinyamata odziwa kulemba mapulogalamu. Iwowa afika pantchito panthawi imene makina eni ake ayamba kulemba mapulogalamu munthu akangowauza chimene afuna. Ndipo ofufuza a yunivesite ya New York, poyesa chida chotere chotchedwa Copilot mu 2021, anachilembetsa mapulogalamu 1,689 pa ntchito zimene chiboo chikhoza kulowamo, napeza kuti pafupifupi 40 pa 100 anali ndi ziboo. Sizodabwitsa, popeza makinawo anaphunzira powerenga zolemba za anthu, pamodzi ndi mitsuko yawo yosayesedwa. Zida zimenezi zakhwima chikhalireni kuyambira chaka chimenecho, koma zichulukitsa mizere yofuna munthu wachiwiri woiwerenga, ndipo munthu wachiwiriyo sachuluka ndi liwiro lomwelo.

Mphwanga wina, amene anatsiriza maphunziro otere, anabwera kumudzi patchuthi ndi laputopu yake, nandionetsa kapulogalamu kamene akupangira eni maboti kuti azilembamo ngongole za amalonda otenga usipa pangongole, ndi magawo a asodzi pa ulendo uliwonse wa chilimira. Kanali kokongola, ka Chichewa chomveka, ndipo anandiuza monyadira kuti theka lake makina ndiwo anamlembera usiku umodzi. Tinakhala pakhonde, dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri, nyali za asodzi zikuyamba kuyaka panyanja. Ndinamfunsa kuti, "Kodi munthu akalemba ngongole m'menemu, ndani angathe kuifufuta?" Anati mwini boti. Ndinati, "Nanga akaifufuta, msodzi amene gawo lake linali m'ngongoleyo adzaona pati kuti inalipo?" Anakhala chete nthawi ndithu, akuyendetsa chala pa mizere yake, kukwera ndi kutsika. Kenaka anati, "Malume, apa ndiye sindinaganizepo," natulutsa kope ndi cholembera m'chikwama, chifukwa batire la laputopu linali litatsala pang'ono kutha.